Kukaona bwinja la Oradour-sur-Glane: kakonzedwe ka ulendo kuchokera ku Harare

Oradour-sur-Glane ndi mudzi wa m'chigawo cha Haute-Vienne ku France, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 22 kumpoto chakumadzulo kwa mzinda wa Limoges. Loweruka pa 10 June 1944, m'kati mwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, patangotha masiku anayi asilikali a Britain, America ndi Canada atakocheza ku Normandy kumpoto kwa France, asilikali a ku Germany a gulu la SS, la chipani cha Hitler, anauzinga mudziwu, anapha anthu 643, n'kuutentha wonse. Boma la France silinaumangenso. Linamanga mudzi wina pambali pake, ndipo wakalewo ukadali bwinja mpaka lero, makoma ake ali chiimire, makina osokera ali m'mazenera, magalimoto akudyedwa ndi dzimbiri pamene eni ake anawasiya. Afalansa amautcha village martyr, kutanthauza mudzi wa anthu ophedwa osalakwa. Amene anakulira ku Malawi mawu amenewa sawadabwa nawo, chifukwa amadziwa za pa 3 March ndi anthu amene anawomberedwa ku Nkhata Bay mu 1959.

Malangizowa ndi a munthu wa kuno ku Harare amene ali ndi ulendo wa ku France, kaya wa msonkhano, wa mpingo, kapena wokaona ana, ndipo akufuna kupatula tsiku limodzi kapena awiri kuti akafike ku Oradour. Ulendowu suvuta kwenikweni. Umawonongeka ndi tinthu tating'ono: pepala limodzi losowa, dzina la mudzi lolembedwa moperewera, basi yomaliza imene yakusiyani, kapena kulowa m'bwinjamo musakudziwa chimene mukuona.

Mapepala

Pasipoti ya Zimbabwe ndi ya Malawi zonse zimafunika viza ya Schengen, yolowera m'gulu la mayiko a ku Ulaya limene France ilimo. Musanaganize za vizayo, tsegulani pasipoti muone zinthu zitatu. Ikhale yoti inaperekedwa m'zaka 10 zapitazi, ikhale ikugwirabe ntchito kwa miyezi itatu kupyola tsiku limene mudzatuluke m'mayiko a Schengen, ndipo ikhale ndi masamba awiri opanda chidindo. Ngati chimodzi chikusowa, yambani ulendo wanu ku Makombe Building kapena ku ofesi ya kazembe wa Malawi, osati kwa ogulitsa matikiti. M'mabanja ambiri a ku Mbare, Mufakose, Mabvuku ndi Dzivarasekwa muli anthu obadwira kuno amene chitupa chawo chikadali ndi chizindikiro cha mlendo chifukwa makolo anachokera ku Malawi, Zambia kapena Mozambique. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anawapatsa unzika anthu otere, koma pamafunika kukasinthitsa chitupacho kaye, pasipoti pambuyo. Zimenezi zimadya miyezi, choncho musaziyambe ulendo utayandikira. Amene ali ndi pasipoti ya Malawi koma akupempha viza kuno ayenera kusonyeza chilolezo chokhalira m'Zimbabwe.

Fomu ya viza imalembedwa pa intaneti, pa tsamba la boma la France lotchedwa France-Visas, ndipo tsamba lomwelo limakuuzani kumene mukaperekere mapepala ndi kudinda zala. Mtengo wake kwa munthu wamkulu ndi mayuro 90 kuyambira June 2024, ndipo ana a zaka 6 mpaka 11 amalipira theka. Mukhoza kupempha kutatsala miyezi 6 kuti munyamuke. Yankho limabwera m'masiku 15 nthawi zambiri, koma likhoza kutenga masiku 45. Inshulansi ya chipatala ikhale ya mayuro 30,000 kapena kuposa, yogwira ntchito m'mayiko onse a Schengen ndiponso pa masiku onse a ulendo. Apa ambiri amapunthwa pogula inshulansi yothera tsiku lokwera ndege yobwerera, pamene ndegeyo ikunyamuka pakati pa usiku tsiku litasintha kale. Onjezani masiku awiri. Ngati mukagona kwa m'bale, kalata yake yolemba pamanja siyokwanira. Ayenera kukatenga ku ofesi ya meya wa kumene akukhala chikalata chotchedwa attestation d'accueil, n'kukutumizirani chenichenicho, osati chithunzi chake cha pa WhatsApp.

Pa ndondomeko ya ulendo imene mukupereka, lembani Limoges ndi Oradour poyera pamodzi ndi hotela ya usiku umenewo. Ndondomeko imene ili ndi masiku osafotokozeka imadzutsa mafunso.

Ndege, sitima ndi ndalama

Palibe ndege yochoka pa bwalo la Robert Gabriel Mugabe kulunjika ku Paris. Mumasintha ku Addis Ababa, Nairobi, Johannesburg kapena Dubai, ndipo zambiri zimatera pa Charles de Gaulle m'mawa. Sitima za ku Limoges sizinyamukira pabwalo la ndege. Zimanyamukira pa siteshoni ya Paris Austerlitz. Kuti mukafike pamenepo, kwerani sitima ya mumzinda ya RER B mpaka Saint-Michel Notre-Dame, musinthe kukwera RER C, mutsike pa siteshoni yotsatira. Ndi katundu, ulendo umenewu uwerengereni ola ndi theka. Pakati pa nthawi yotera ndege ndi nthawi ya sitima siyani maola anayi, chifukwa mzere wa pachipata cholowera m'dziko umatalika m'mawa ndege za ku Africa zikatera motsatana.

Sitima ya Intercités imatenga maola atatu ndi theka kapena kucheperapo pang'ono kufika pa siteshoni ya Limoges-Bénédictins. Tikiti yake imakhala ya sitima imodzi ndi mpando umodzi, si ya kombi yoti mukwere iliyonse yabwera. Mukaiphonya, mugula ina. Gulani pa SNCF Connect, tsamba la kampani ya sitima za ku France, masabata angapo ulendo usanafike, mitengo ikadali pansi, ndipo muyang'anenso dzulo lake, chifukwa njanji imeneyi imakonzedwa kawirikawiri ndipo nthawi zimasintha, makamaka Loweruka ndi Lamlungu. Amene akuchokera kwa ana awo ku England ali ndi njira yaifupi: bwalo la ndege la Limoges-Bellegarde limalandira ndege zotsika mtengo zochokera kumeneko, ndipo lili mbali ya ku Oradour komweko. Kumbukirani kuti viza ya Britain si ya France.

Kuno tinazolowera kuti dola ya America imagula chilichonse. Kumidzi ya ku France saiona ngati ndalama. ZiG ndi EcoCash nazonso zimathera pabwalo la ndege. Sinthani mayuro ku Paris, kapena tengani pa makina a banki ndi khadi ya Visa kapena Mastercard imene banki yanu yaitsegula kuti igwire ntchito kunja. Khalani ndi mayuro ang'onoang'ono a basi ndi a buledi. Tenganinso adaputa, chifukwa pulagi yathu ya mano atatu aphwathalala siyilowa m'masoketi awo a timabowo tiwiri tozungulira.

Ma Oradour alipo angapo

Ili ndi dzenje limene amagweramo ngakhale Afalansa enieni. M'chigawo chomwecho muli Oradour-sur-Vayres ndi Oradour-Saint-Genest, ndipo m'chigawo choyandikana cha Charente muli Oradour-Fanais. Mukalemba Oradour pokha pa mapu a pafoni, foni imasankha iliyonse. Lembani dzina lonse, Oradour-sur-Glane, ndi nambala yake ya positi, 87520. Glane ndi mtsinje umene umadutsa kumunsi kwa tchalitchi. Komanso pa mapu muloze Centre de la mémoire, nyumba yosungira mbiri imene ili pakhomo la bwinja, osati pakati pa mudzi, chifukwa pakati pa mudzi pamene foni ikudziwa ndi pa mudzi watsopano uja, pamene pali anthu, sukulu ndi masitolo.

Sitima siyifika ku Oradour. Basi ya chigawo cha Nouvelle-Aquitaine imanyamukira pa depoti yogundana ndi siteshoni ya Limoges-Bénédictins, koma zimakhala zochepa patsiku, ndipo nthawi zake zimatsata ana asukulu ndi anthu apantchito. Masukulu akatseka zina zimachotsedwa, ndipo Lamlungu musadalirepo. Musanakwere yopita, lembani papepala nthawi ya yobwerera. Taxi ndi yodula, koma mukakhala anthu atatu kapena anayi imapepuka. Pakhomo pa Centre sipaima ma taxi odikira, choncho gwirizanani ndi dalaivala wokupititsani nthawi yoti adzakutengeni, ndipo mutenge nambala yake.

Galimoto ya hayala ndiyo imapatsa ufulu. Kuchoka ku Limoges mumatsata msewu wa N141 wolowera ku Saint-Junien ndi Angoulême, n'kukhotera kumpoto potsatira zikwangwani, ulendo wa mphindi 25 mpaka 30. Koma pali zitatu zoti muzilingalire. Kumeneko amayenda kumanja kwa msewu, ndipo pamaraundabauti amazungulira mosemphana ndi kuno, ndiye dzanja lozolowera Samora Machel Avenue limafuna kukukokerani kumanzere mukatopa. Magalimoto ambiri a hayala ndi a magiya, ndipo giya imakhala kudzanja lamanja. Chachitatu, makampani ambiri amafuna khadi ya ngongole ya m'dzina la dalaivala kuti agwirepo ndalama ya chikole, ndipo khadi yongoikamo ndalama amaikana. Tengani laisensi yanu pamodzi ndi chilolezo choyendetsera kunja chochokera ku AA Zimbabwe. Munthu amene watsika ndege ya usiku wonse asayendetse tsiku lomwelo.

Nyengo ndi maola

Nyengo zawo n'zosemphana ndi zathu. June, pamene kuno tikuwotha moto, kumeneko ndi chilimwe, ndipo dzuwa limalowa cha m'ma 9:45 usiku. Kuyambira kumapeto kwa March mpaka kumapeto kwa October wotchi yawo imafanana ndi ya Harare, ndipo miyezi inayo amatsalira ndi ola limodzi. May, June ndi September ndiyo miyezi yabwino. Dera la Limousin, mmene muli Limoges ndi Oradour, ndi lamvula, ndipo m'bwinjamo mulibe denga ngakhale limodzi loti mubisalemo, ndiye jekete ya mvula ndi nsapato zolimba musazisiye. Kukatentha, mthunzi nawonso ndi wosowa.

Kulowa m'bwinja n'kwaulere, ndipo khomo lake limadzera ku Centre de la mémoire, nyumba yosungira mbiri imene Purezidenti Jacques Chirac anatsegulira mu July 1999. Chionetsero cha m'nyumbamo ndicho cholipira. Malowa akhala akutseka kuyambira pakati pa December mpaka kumapeto kwa January, ndipo ntchito zokonza nyumba zimatha kutseketsa chionetserocho kwa nthawi yaitali bwinja lili lotsegula. Onani tsamba lawo la pa intaneti musanagule tikiti ya sitima. Pa 10 June chaka chilichonse pamakhala mwambo wa mabanja ndi akuluakulu a boma. Mu 2024 panabwera Emmanuel Macron ndi purezidenti wa Germany, Frank-Walter Steinmeier. Tsiku limenelo ndi la eni maliro, ndipo mlendo wofuna kuyenda pang'onopang'ono asankhe lina.

Patulani maola anayi: limodzi ndi theka la chionetsero, awiri kapena kuposa a m'bwinja. Idyani musanalowe kapena mutatuluka. Malo odyera a m'mudzi watsopano amaphika kuyambira 12 koloko mpaka cha m'ma 2, ndipo mukafika 3 koloko mupeza khitchini yatseka.

Zoti mudziwe musanalowe

Makoma sayankhula okha. Munthu wolowa osadziwa nkhani amaona nyumba zakugwa, n'kutuluka pakatha mphindi 40 ali ndi zithunzi zokha. Ndiye ngati chionetsero n'chotsegula, yambani nacho. Ngati n'chotseka, sungani m'mutu izi.

Asilikaliwa anali a gulu lalikulu la SS lotchedwa Das Reich, limene linamenya nkhondo ku Soviet Union, kumene kutentha midzi kunali ntchito yawo yozolowera. Mu 1944 anali kumwera kwa France, kufupi ndi Montauban. Nkhondo itafika ku Normandy analamulidwa kupita kumpoto, komanso kuthana ndi zigawenga za Chifalansa zimene zinkamenya Ajeremani kuchokera m'nkhalango za dera limeneli. Pa 9 June anapachika amuna 99 pa makonde ndi pa mitengo ya magetsi mu tawuni ya Tulle. Tsiku lomwelo zigawenga zinagwira mkulu wina wa asilikaliwa, Helmut Kämpfe. M'mawa wa pa 10 June, Adolf Diekmann, mtsogoleri wa bataliyoni yoyamba ya rejimenti ya Der Führer, anakonza ulendo wa ku Oradour ali ku Saint-Junien.

Ku Oradour kunalibe msasa wa zigawenga, ndipo zida zimene asilikali ankati akufuna sizinapezeke. Mudzamva ena akunena kuti anasokoneza mudziwu ndi Oradour-sur-Vayres. Akatswiri ambiri a mbiri savomereza zimenezo. Amaona kuti cholinga chinali kuopseza dera lonse, ndipo mudzi wopanda chitetezo unali woyenera ntchito imeneyo. Loweruka limenelo mudzi unadzaza kuposa masiku onse, chifukwa linali tsiku logawa fodya ndiponso loyeza ana asukulu, ndiye ana a m'timidzi tozungulira anabwera onse. Munalinso othawa nkhondo: mabanja othamangitsidwa ku Moselle, dera la France la kumalire ndi Germany, anthu a ku Spain, ndi Ayuda obisala. Kwa zaka zambiri chiwerengero chinali 642, amuna 190, akazi 247 ndi ana 205. Chinafika 643 posachedwapa, atatsimikizira za mayi wina wa ku Spain, Ramona Domínguez Gil, amene dzina lake linasiyidwa. Mabuku akale ndi zikwangwani zina zikadali ndi 642, ndipo musaganize kuti wina walakwitsa.

Kuyenda m'bwinjamo

Njira yabwino ndiyo kutsata mmene tsikulo linayendera, osati kungotsetsereka ndi msewu. Polowera pali chikwangwani cha mawu akuti Souviens-toi, kutanthauza kuti kumbukira. Msewu waukulu, rue Émile Desourteaux, umatsika kulowera kumtsinje. Yang'anani pansi muone njanji, yang'anani m'mwamba muone mawaya: panali tramu yamagetsi yochokera ku Limoges. Iyi inali tawuni yaing'ono yamoyo, anthu a mumzinda ankabwera kudzawedza nsomba mu Glane ndi kudzagula chakudya chimene mu Limoges chinkasowa. Pa makoma pali timapepala ta chitsulo tonena mwini nyumba ndi ntchito yake. Mawu ochepa akuthandizani: boulanger ndi wophika buledi, boucher ndi wabutchala, couturière ndi telala wamkazi, coiffeur ndi wometa, forgeron ndi wosula zitsulo, sabotier ndi wosema nsapato za mtengo. Muwerenge pang'onopang'ono. Mayina omwewa mukawapezanso kumanda, banja lonse pamwala umodzi.

Pitani kaye pabwalo la msika, Champ de Foire. Asilikali anafika cha m'ma 2 koloko masana, anatseka njira zonse, n'kulamula kuti aliyense asonkhane pano, ati kuti aone zitupa. Anatulutsa odwala m'nyumba, anatenga ana m'masukulu pamodzi ndi aphunzitsi awo. Anthu ambiri anabwera okha osaopa, chifukwa Ajeremani anali asanavutepo m'mudziwu. Mwana mmodzi, Roger Godfrin, wa m'banja lothawa ku Moselle, ankawadziwa asilikaliwa, ndipo anathawa kuseri kwa sukulu n'kupulumuka. Pabwalo pomwepa pali galimoto ya Peugeot 202 imene imaoneka pa zithunzi zonse za Oradour, yodziwika kuti galimoto ya dokotala Desourteaux. Meya wa mudzi, wa banja lomwelo, atauzidwa kuti asankhe anthu a chikole, anakana n'kudzipereka yekha ndi ana ake.

Apa ndi pamene anawagawa. Akazi ndi ana anawatengera kutchalitchi. Amuna anawagawa m'magulu n'kuwalowetsa m'malo 6, mashedi a udzu, garaja, mosungira vinyo ndi mosulira zitsulo: kwa Laudy, Milord, Desourteaux, Denis, Bouchoule ndi Beaulieu. Malo aliwonse ali ndi chikwangwani choyamba ndi mawu akuti Ici lieu de supplice, malo ozunzirapo, n'kutha ndi Recueillez-vous, kupempha kuti muime mwakachetechete. Zikwangwanizi n'zazing'ono ndipo munthu wothamanga amazipitirira. Cha m'ma 4 koloko kunamveka chizindikiro, ndipo mfuti za chiwaya zinalira m'malo onsewo nthawi imodzi. Ankawombera m'miyendo, kenako anawunjika udzu ndi nkhuni pamwamba pa anthu, ambiri akadali moyo, n'kuyatsa. M'shedi ya Laudy mokha ndi mmene munatuluka amoyo, amuna asanu amene anabisala pansi pa mitembo n'kuboola khoma moto utawayandikira. Mmodzi wa iwo, Robert Hébras, anakhala akuyendetsa alendo ndi ana asukulu m'bwinjali mpaka ukalamba, ndipo anamwalira mu February 2023 ali ndi zaka 97. Imani kwa Laudy nthawi yaitali kuposa malo enawo, muone kuchepa kwa malowo.

Kenako tsikirani kutchalitchi cha Saint-Martin, kumunsi kwa mudzi. Muno ndi mmene munafera anthu oposa 400, ndipo mukalowa mudzadabwa kuti anakwanamo bwanji. Asilikali anaika bokosi lokhala ndi zingwe zoyatsira pakati pa tchalitchi, ndipo linatulutsa utsi wakuda wotsamwitsa. Anthu atathamangira kuzitseko anawawombera, anaponya mabomba a m'manja, anawunjika udzu ndi mipando n'kuyatsa. Pafupi ndi khomo pali mkuwa wa belu umene unasungunuka n'kugwa kuchokera pansanja. Pa makoma ndi pa mwala wa mayina a asilikali a nkhondo ya 1914 mpaka 1918 pali zipsera za zipolopolo. Patsogolo pa guwa pali zitsulo za ngolo ya mwana.

Kuseri kwa guwa kuli mazenera atatu. Yang'anani lapakati. Mayi Marguerite Rouffanche anakwera pa makwerero oyatsira makandulo n'kudziponya kunja kudzera pamenepo, mamita atatu mpaka pansi. Mayi wina wachitsikana anamutsatira ndi khanda, khandalo linalira, asilikali anawombera onse atatu. Mayi Rouffanche anavulala, anakwawira m'dimba la nsawawa n'kubisala mpaka madzulo a tsiku lotsatira. Ndi yekhayo amene anatuluka m'tchalitchimo wamoyo, ndipo zonse zimene dziko limadziwa za mkatimo zinachokera pakamwa pake. Mukatuluka, zungulirani kunja muone zeneralo kuchokera pansi, chifukwa mkati siliwoneka kutalika kwake.

Pobwerera kumtunda muona chitsime chimene anaponyamo mitembo, ndi uvuni ya wophika buledi. Masiku otsatira asilikali anabweranso kudzakwirira mitembo m'maenje kuti abise umboni. Ndi anthu 52 okha amene anazindikirika n'kulembedwa mayina pa zikalata za imfa. Enawo anali phulusa ndi mafupa osakanikirana.

Manda awiri, ndi chifukwa chake

Kuseri kwa Champ de Foire kuli chipinda cha pansi pa nthaka chimene boma linamanga kuti likaikemo phulusa la anthuwa. Mulibemo phulusa. Muli mawotchi oima, magalasi a maso, ndalama zosungunuka, malumo ndi zidole. Phulusalo lili kumanda a mudzi, patsogolo pang'ono, pansi pa chipilala chachitali chimene mabanja anamanga okha, ndipo m'mabokosi awiri a galasi mumaoneka mafupa. Mlendo wosadziwa amangoti ndi mmene anakonzera. Ayi, pali mkwiyo pamenepa.

General de Gaulle, mtsogoleri wa France nthawi imeneyo, anafika ku Oradour mu March 1945, ndipo mu 1946 nyumba ya malamulo inakhazikitsa kuti bwinjali lisungidwe. Diekmann anali atafa kale ku Normandy kumapeto kwa June 1944. Mlandu unazengedwa ku Bordeaux mu January ndi February 1953, ndipo pa anthu 21 amene anaima m'khoti, 7 anali Ajeremani, 14 anali Afalansa a ku Alsace. Germany inalanda Alsace mu 1940, ndipo kuyambira 1942 inkakakamiza anyamata a kumeneko kulowa usilikali. Amatchedwa malgré-nous, olowa mosafuna. Pa 14 aja, 13 anali okakamizidwa ndipo mmodzi analowa mwa kufuna kwake. Khoti linawapeza olakwa. Ku Alsace anthu anakwiya, ati ana athu akulangidwa kawiri. Pasanathe sabata, nyumba ya malamulo inakhululukira 13 aja. Awiri amene anaweruzidwa kuti aphedwe sanaphedwe, ndipo zaka za m'ma 1950 zisanathe onse anali atatuluka m'ndende. Mkulu wa gulu lonse la Das Reich, Heinz Lammerding, anakhala mwaufulu ku Düsseldorf mpaka anamwalira mu 1971. Heinz Barth yekha, mmodzi wa akuluakulu a asilikali amene anali ku Oradour, ndiye anaweruzidwa pambuyo pake, ku East Berlin mu 1983, ndipo anamasulidwa mu 1997.

Anthu a ku Oradour anabweza mendulo imene boma linapatsa mudzi, anakana kupereka phulusa ku chipinda cha boma, ndipo anapachika pakhomo la bwinja mayina a aphungu amene anavotera chikhululukirocho. Kwa zaka zambiri mudzi watsopano unali wa makoma otuwa, misewu yopanda mayina, ndipo zisangalalo zinali zoletsedwa ndi anthu eni ake. Purezidenti wa Germany woyamba kufika anali Joachim Gauck, pa 4 September 2013, pamodzi ndi François Hollande, purezidenti wa France nthawi imeneyo, atagwirana manja ndi Hébras m'tchalitchi muja. Mukakumana ndi munthu wa ku Alsace kapena wa ku Limousin, nkhani ya 1953 musaiyambe ndinu. Chilondacho sichinapole, ndipo mbali zonse ziwiri zili ndi maliro awo.

Kumanda kuja pezani manda a Mayi Rouffanche, amene anamwalira mu 1988, ndiponso miyala ya mabanja yokhala ndi zithunzi za ana. Palinso mwala wa anthu a ku Charly, mudzi wa ku Moselle umene unataya anthu 39 kuno ndipo lero umatchedwa Charly-Oradour.

Khalidwe

Mchewa safunika kuphunzitsidwa kulowa kumanda. Malo onsewa, kuyambira pachipata mpaka kumtsinje, atengeni ngati manda, chifukwa ndi mmene eni ake amawaonera. Simudya, simusuta, simulowa ndi galu, foni muitseke mawu. Zithunzi za malo amajambula, koma zodzijambula mukumwetulira pa galimoto ya dokotala kapena kujambula vidiyo mukufuulira anthu a pa Facebook zimapweteka anthu, ndipo ena amene mukuyenda nawo m'msewumo ndi adzukulu a ophedwawo. Musakwere makoma, musalowe m'nyumba zotchingidwa. Makomawa akhala pamvula ndi pachisanu zaka zoposa 80 ndipo akugumuka, boma limawononga ndalama zambiri kuwachirikiza. Musatole kanthu, ngakhale msomali.

Gulu la mpingo kapena la sosaite ya maliro lidzafuna kuimba, monga timachitira ku Chimoio kapena pa manda a abale. Kuno mwambo wawo ndi kukhala chete, ndipo pali zikwangwani zolembedwa Silence. Pempherani chamumtima, nyimbo mukaimbe mutatuluka. Ngati muli gulu loposa anthu khumi, lemberani a Centre pasadakhale, mufunse za munthu wokuyendetsani wolankhula Chingelezi. Ndipo aliyense amene mukufuna kumufunsa kanthu, wa pakhomo, dalaivala wa basi, wogulitsa buledi, yambani ndi Bonjour madame kapena Bonjour monsieur. Kufunsa osapereka moni n'chipongwe kumeneko monga mmene chilili kwathu.

Ana osakwana zaka 10 kapena 11 akhoza kuyenda mumsewu waukulu, koma zithunzi zina za m'chionetsero ndi mabokosi a mafupa aja si za msinkhu wawo. Mmodzi wa akulu atsale nawo panja. Agogo ovutika miyendo adziwe kuti msewu umatsika popita kutchalitchi, ndiye pobwerera ndi chikweza, ndipo pokhala ndi pochepa. Zimbudzi zili ku Centre, m'bwinjamo mulibe. Pakagwa vuto la thanzi, nambala ndi 112.

Tsiku lomwelo musalikonzere china chachikulu. Ambiri amaika Oradour m'mawa ndi sitima ya ku Paris masana, kenako amapezeka akuthamanga kumanda n'kusiya nkhani ya 1953 osaiona. Gonani ku Limoges kapena ku Saint-Junien usiku umenewo. Ngati mwatsala ndi tsiku lina ndipo muli ndi galimoto, Tulle ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 90 kumwera kwa Limoges, ndipo mu Limoges momwemo muli Musée de la Résistance, pafupi ndi tchalitchi chachikulu cha Saint-Étienne. Ngati mwabwera pa basi, tulukani m'bwinja kutatsala mphindi 30, chifukwa kuchokera kumanda kudzera ku Centre mpaka pokwerera pali kamtunda, ndipo basi ya kumeneko siyidikira munthu amene akuikweza dzanja ali patali.